Maenzaimu a lipid kinase: zizindikiro zimene selo limaika pa mafuta ake

Pali nkhani zitatu za mankhwala zimene munthu akazimva padera sangaganize kuti n'zapachibale. Mayi amene akumwa alpelisib chifukwa cha khansa ya m'mawere amauzidwa kuti aziyezetsa shuga pafupipafupi, chonsecho sanadwalepo matenda a shuga. Mankhwala angapo a khansa ya m'magazi anavomerezedwa mwachangu ku America, koma patangopita zaka zochepa ena anachotsedwa pamsika. Ku Cape Town akatswiri anapanga mankhwala atsopano a malungo amene anapatsa anthu chiyembekezo chachikulu, kenako kafukufuku wake anaimira panjira. Nkhani zonsezi gwero lake ndi banja limodzi la maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) otchedwa lipid kinase, ndipo vuto lake n'lofanana: enzaimu imene ukufuna kuiletsa pamalo amodzi imakhala ikugwira ntchito yofunika pamalo ena.

Lipid kinase n'chiyani

Kinase ndi enzaimu imene imatenga fosifeti mmodzi pa ATP, molekyu yosunga mphamvu m'selo, n'kukamumata pa chinthu china. M'thupi la munthu muli ma kinase oposa 500 amene amamata fosifeti pa mapuloteni. Gulu lina, laling'ono, limamata fosifeti pa mafuta a nembanemba, kachikopa kopyapyala kamene kamakuta selo ndi tizipinda tonse ta m'kati mwake. Amenewa ndiwo ma lipid kinase.

Mafuta amene nkhaniyi yagonapo amatchedwa phosphatidylinositol, mwachidule PI. Ali ndi michira iwiri yolowa m'nembanemba ndi mutu umodzi woyang'ana m'kati mwa selo. Mutuwo ndi kamkombero ka makaboni 6, ndipo malo atatu, a nambala 3, 4 ndi 5, ndi amene angalandire fosifeti. Mukaphatikiza malo atatuwo m'njira zonse zotheka mumapeza mitundu 7. Chofunika kwambiri n'chakuti mtundu uliwonse uli ndi kwawo. PIP2, wa mafosifeti pa 4 ndi 5, amapezeka pa nembanemba yakunja ya selo. PI4P wachuluka pa Golgi, posanjira katundu wotuluka. PI3P ali pa timatumba tolandira zinthu zimene selo lameza. PIP3, wa mafosifeti onse atatu, sapezeka n'komwe pamene selo langokhala. Amatulukira m'masekondi ochepa uthenga ukafika, n'kuzimiririkanso.

Kumudzi kukagwa maliro, anyamata amaika masamba pamsewu. Masambawo sagwira munthu pamkono, koma wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, bambo amavula chipewa. Amagwira ntchito pamalo okhawo pamene aikidwa, kwa okhawo amene amadziwa tanthauzo lake, ndipo mwambo ukatha ayenera kuchotsedwa. Mafuta olandira fosifetiwa ndi otero. Iwo eni sachita kanthu. Mapuloteni amene ali ndi kachigawo kozindikira mutu wa mafutawo, monga kachigawo kotchedwa PH, FYVE kapena PX, amachoka m'madzi a m'selo n'kudzaunjikana pa nembanembayo, ndipo akakumana pamenepo ntchito imayamba.

Mbiri yake inayamba mu 1953 ku McGill University, mumzinda wa Montreal. Mabel Hokin ndi Lowell Hokin ankayesa tizidutswa ta kapamba wa nkhunda, ndipo anaona kuti akathirapo acetylcholine, molekyu yonyamula uthenga wa mitsempha, fosifeti ankalowa mofulumira m'mafuta a maselowo. Zinatenga zaka 30 kuti tanthauzo lake limveke. Mu 1975 Robert Michell ananena kuti kusinthaku kukugwirizana ndi kasiyamu, ndipo mu 1983 Michael Berridge ndi anzake anaonetsa kuti PIP2 akadulidwa pakati ndi enzaimu ya phospholipase C, chidutswa chimodzi, IP3, chimatsegula nkhokwe za kasiyamu. Chidutswa chinacho, DAG, chimadzutsa protein kinase C imene Yasutomi Nishizuka anatulukira ku Japan. Pa nthawiyo aliyense ankaganiza kuti ntchito ya PIP2 ndi yokhayo, kudulidwa.

PI3K ndi mmene imadzukira

Mu 1988 Lewis Cantley ndi wophunzira wake Malcolm Whitman, ku Tufts University mumzinda wa Boston, anapeza kuti enzaimu ina imene inkamamatira ku mapuloteni a mavairasi oyambitsa zotupa inkaika fosifeti pa malo a nambala 3, malo amene palibe ankawaganizira. Chaka chomwecho Alexis Traynor-Kaplan anapeza PIP3 m'maselo oyera a m'magazi amene anali atangodzutsidwa. Enzaimuyo ndi imene lero imatchedwa PI3K.

Munthu ali ndi mitundu 8 ya PI3K, yogawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi limene limasandutsa PIP2 kukhala PIP3, ndipo lili ndi mitundu inayi: p110 alpha, beta, gamma ndi delta. Alpha ndi beta amapezeka pafupifupi m'maselo onse. Gamma ndi delta achuluka m'maselo a chitetezo cha m'thupi. Kusiyana kumeneku ndi kumene opanga mankhwala amadalira.

Enzaimu ya mphamvu chotere siisiyidwa yokha. Alpha, beta ndi delta amayenda atagwirana ndi puloteni ya p85, imene ili ndi ntchito ziwiri zooneka ngati zotsutsana: imateteza p110 kuti isawonongeke, komanso imaipanikiza kuti isagwire ntchito. Tione zimene zimachitika munthu akadya. Insulini imamata pa cholandirira chake pa selo la minofu. Cholandiriracho chimaika fosifeti pa ma tyrosine, tizidutswa tina ta puloteni ya IRS1. Pamenepo p85, imene ili ndi tizigawo tiwiri totchedwa SH2, imasiya kupanikiza p110 n'kukagwira ma tyrosine aja. Kugwira kumodziko kumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: p110 yamasuka, ndiponso yafika pa nembanemba pamene pali PIP2. Puloteni ya Ras imawonjezera moto pogwira p110 alpha mbali ina. Gamma amadzuka mwanjira yake, kudzera m'zolandirira zogwira ntchito ndi G protein, mapuloteni opatsira uthenga m'kati mwa selo, ndipo mnzake woyenda naye si p85 koma p101 kapena p84. Beta amamvera mbali zonse ziwiri.

PIP3 akapezeka, ma kinase awiri okhala ndi kachigawo ka PH amafika: Akt ndi PDK1. Dario Alessi ndi anzake ku Dundee anafotokoza mu 1997 kuti PDK1 imaika fosifeti pa threonine 308, kachidutswa ka nambala 308 ka Akt. Mu 2005 gulu la David Sabatini linaonetsa kuti mTORC2, gulu la mapuloteni lokhala ndi kinase ya mTOR, ndi imene imaika wachiwiri pa serine 473. Akt ikalandira onse awiri imakhala ndi mphamvu zonse. M'minofu imachititsa kuti timatumba tonyamula GLUT4, khomo lolowera shuga, tikwere pa nembanemba kuti shuga alowe. M'chiwindi imachotsa FOXO1, puloteni yodzutsa majini opangira shuga, pamalo pamene pali majiniwo, ndipo chiwindi chimasiya kupanga shuga watsopano. M'maselo ambiri imadzutsa mTORC1, gulu lina la mTOR, kuti selo lipange mapuloteni likule, komanso imaletsa selo kudzipha.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Njira imene imauza selo kuti "chakudya chafika, idya" ndi yomweyo imene imaliuza kuti "kula, usafe".

Ochotsa chizindikiro

Chizindikiro chimene sichichotsedwa chimasiya kukhala chizindikiro. N'chifukwa chake munthu sangamvetse ma kinase amenewa osadziwa ma phosphatase, maenzaimu ochotsa fosifeti. Wamkulu wawo ndi PTEN. Jini yake ili pa kromosomu 10, ndipo inapezeka mu 1997 ndi magulu a Ramon Parsons ndi Peter Steck, amene ankafufuza chimene chimasowa m'zotupa za muubongo, za m'mawere ndi za prostate. Mu 1998 Tomohiko Maehama ndi Jack Dixon anaonetsa kuti PTEN imachotsa fosifeti wa pa 3, n'kubwezera PIP3 kukhala PIP2. Ndiye kuti imafafaniza ndendende zimene PI3K yalemba. SHIP1 ndi SHIP2 amachita mosiyana: amachotsa wa pa 5, ndipo chotsalacho, cha mafosifeti pa 3 ndi 4, chimapitirizabe kuitana Akt mpaka INPP4B itachimaliza.

PTEN nayo ili ndi owongolera ake. Mchira wake ukalandira mafosifeti kuchokera kwa kinase ya CK2, puloteniyo imadzipinda n'kuchoka pa nembanemba. Hydrogen peroxide imene selo limatulutsa pang'ono likalandira uthenga imatseka kwa kanthawi cysteine 124, pamene PTEN imagwirira ntchito, kuti PIP3 apeze mpata wokwera. Ndipo kuchuluka kwake n'kofunika kwambiri. Majini ambiri oteteza ku khansa amayamba kuvuta makope onse awiri akawonongeka, koma pa mbewa zaoneka kuti PTEN ikangochepa pang'ono, zotupa zimachuluka. Anthu obadwa ndi kope limodzi lowonongeka amakhala ndi matenda a Cowden, ndipo amakhala pachiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere, ya chithokomiro ndi ya chiberekero.

Palinso chingwe chobwerera m'mbuyo. mTORC1 ikadzuka, imadzutsa kinase ya S6K, ndipo S6K imafooketsa IRS1 kuti uthenga usapitirire muyeso. Ukaletsa mTORC1 ndi mankhwala ngati rapamycin, chingwechi chimaduka ndipo Akt imakwera m'malo motsika. Ofufuza ambiri anadabwa nazo poyamba.

Khansa, alpelisib ndi shuga

Mu 2004 Yardena Samuels ndi anzake ku Johns Hopkins University anapeza kuti PIK3CA, jini ya p110 alpha, yasintha m'zotupa zambiri za m'matumbo ndi za ziwalo zina. Kusinthako kumaunjikana pa malo atatu. E542K ndi E545K (nambalazo zikusonyeza malo pa puloteniyo) zili pamene SH2 ya p85 imagwira popanikiza, choncho zikasintha p85 imalephera kugwira ndipo enzaimu imakhala ngati yalandira uthenga nthawi zonse. H1047R ili kumapeto, ndipo imachititsa enzaimu kumamatira kwambiri pa nembanemba. Pa amayi 10 alionse odwala khansa ya m'mawere yodalira mahomoni, yopanda puloteni yochuluka ya HER2, pafupifupi 4 ali ndi PIK3CA yosintha.

Kwa ife kuno nkhaniyi si yakutali. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yachuluka kwambiri padziko lonse. Imene imayambitsa ndi vairasi ya HPV, koma maselo akayamba kusokonekera, PIK3CA ndi imodzi mwa majini amene amapezeka atasintha kawirikawiri, makamaka pa E542K ndi E545K. Khansa ya Kaposi, yofala mwa anthu amene ali ndi HIV, nayonso imadalira njira ya PI3K, Akt ndi mTOR, imene vairasi yake imaidzutsa. Burkitt lymphoma, imene imatupitsa nsagwada za ana, imafunanso PI3K kuti maselo ake asafe. Izi sizikutanthauza kuti mankhwala oletsa PI3K ndiwo chithandizo chovomerezeka cha makhansa atatuwa. Zikungosonyeza kuti njirayo ili pakatikati pa matenda amene zipatala zathu zimaona tsiku ndi tsiku.

Alpelisib, wa kampani ya Novartis, anavomerezedwa ku America mu 2019. Amaletsa kwambiri alpha kusiyana ndi mitundu inayo. Pa kafukufuku wa SOLAR-1, odwala a PIK3CA yosintha amene analandira alpelisib pamodzi ndi fulvestrant, mankhwala oletsa mphamvu ya mahomoni, anakhala miyezi 11.0 matenda asanayambenso kukula, pamene olandira fulvestrant yekha anakhala miyezi 5.7. Koma kusiyana kwa nthawi yonse imene odwalawo anakhala ndi moyo sikunafike pa mlingo woti ofufuza anene motsimikiza kuti mankhwalawo amatalikitsa moyo. Ndipo oposa mmodzi mwa atatu alionse anakwera shuga kwambiri.

Chifukwa chake n'choonekeratu tikakumbukira njira ya insulini ija. Mankhwalawo sasankha chotupa chokha; amatsekanso alpha wa m'chiwindi ndi m'minofu. Chiwindi chimapitiriza kutulutsa shuga, minofu sikumulandira, shuga amakwera m'magazi. Kapamba akaona zimenezi amatulutsa insulini wochuluka zedi. Tsono choipa kwambiri n'chakuti insulini ameneyo angathe kudzutsanso PI3K m'chotupa chomwe chija. Gulu la Cantley linaonetsa zimenezi pa mbewa mu 2018, ndipo linapeza kuti kuchepetsa insulini, kaya ndi chakudya chopanda sitachi kapena ndi mankhwala a SGLT2 otayitsa shuga mumkodzo, kunathandiza mankhwala a khansawo kugwira bwino.

N'chifukwa chake kaperekedwe kake kali ndi ndondomeko. Wodwala amayezedwa shuga wa m'mawa asanadye ndi HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi ingapo yapitayo, asanayambe. Amayamba ndi mamiligalamu 300 kamodzi patsiku, ndi chakudya. Shuga amayezedwa mlungu uliwonse m'milungu iwiri yoyamba, chifukwa ndi pamene amakonda kukwera, kenako kamodzi pa milungu inayi. Akakwera, metformin, mankhwala otsitsa shuga, ndi amene amayamba kuperekedwa, ndipo madokotala ambiri safulumira kupereka insulini pa chifukwa chomwe tafotokozachi, ngakhale kuti shuga akafika poopsa amamupereka ndithu. Mlingo ungatsitsidwe kufika pa 250, kenako 200. Zidzolo ndi kutsekula m'mimba ndi mavuto enanso ofala. Mu 2024 kunavomerezedwa inavolisib, amene kuwonjezera pa kuletsa alpha amachititsa kuti alpha wosinthayo awonongedwe m'selo. Pa kafukufuku wa INAVO120, ataphatikizidwa ndi fulvestrant ndi mankhwala ena a khansa otchedwa palbociclib, anafikitsa miyezi 15.0 matenda asanayambenso kukula, poyerekeza ndi 7.3 ya olandira awiriwo okha. Vuto la shuga silinathe.

Alpelisib yemweyo anavomerezedwanso mu 2022 kwa anthu a matenda a PROS, amene PIK3CA inasintha m'maselo ena okha iwo ali m'mimba, moti mwendo, dzanja kapena mbali ya nkhope imakula mopitirira. Imeneyi si khansa, ndipo ana amapatsidwa mlingo wochepa kwambiri.

Delta ndi chitetezo cha m'thupi

Maselo a B, opanga asilikali a m'magazi, amadalira delta kuti akhale ndi moyo. Choncho kuletsa delta kunaoneka ngati njira yanzeru yophera khansa za maselo amenewa popanda kukhudza shuga. Idelalisib anavomerezedwa mu 2014, copanlisib (amene amaletsanso alpha) mu 2017, duvelisib mu 2018, umbralisib mu 2021. Zotupa zinkaphwa ndithu. Koma delta amafunikanso kwa maselo a T oletsa, amene ntchito yawo ndi kuletsa chitetezo kuti chisaukire thupi lomwe. Maselo amenewo akafooka, matumbo, chiwindi ndi mapapo zimatupa, ndipo nthawi yomweyo wodwala amagwidwa ndi matenda ongopezerapo mwayi monga chibayo cha Pneumocystis ndi vairasi ya CMV. Mu 2016 kafukufuku wina wa idelalisib anaimitsidwa chifukwa cha imfa za matenda oterewa. Mu April 2022 komiti yolangiza bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, inagwirizana kuti mankhwala a gulu limeneli pa khansa za m'magazi asamavomerezedwe popanda kafukufuku woyerekeza magulu awiri a odwala. Umbralisib anachoka pamsika mu 2022, copanlisib mu 2023.

Chodabwitsa n'chakuti delta wochuluka mphamvu amafooketsanso chitetezo. Mu 2013 ofufuza a ku Cambridge anafotokoza matenda a APDS, a anthu obadwa ndi delta wosintha, nthawi zambiri pa E1021K. Ana otere amadwaladwala chifuwa ndi makutu, anabele amatupa, maselo awo a chitetezo amakalamba msanga asanagwire ntchito. Kwa iwo kuletsa delta ndiko chithandizo, ndipo leniolisib anavomerezedwa mu 2023. Enzaimu imodzi: ikachepa vuto, ikachuluka vuto.

Za m'kati mwa selo: TB ndi malungo

Si ma lipid kinase onse amene amamvera mahomoni. Ambiri amagwira ntchito mwakachetechete yolemba timatumba ta m'selo kuti katundu asasochere. Vps34, PI3K ya gulu lachitatu, ndi yakale kuposa zonse; ndi PI3K yokhayo imene yisiti ali nayo, ndipo inadziwika kudzera mu ntchito ya Scott Emr pa yisiti. Imapanga PI3P. Ikagwirana ndi Beclin 1 ndi ATG14 imayambitsa kathumba kamene selo limakutira nako zinthu zake zotha ntchito kuti lizigaye, ntchito imene Yoshinori Ohsumi analandirira mphoto ya Nobel mu 2016. Ikagwirana ndi UVRAG imalemba timatumba ta zomezedwa. PIKfyve imabwera pambuyo pake n'kuwonjezera fosifeti pa 5. Ukailetsa, selo limadzaza ndi matumba akuluakulu a madzi ooneka bwino pa maikulosikopu.

Bakiteriya wa TB amadziwa njira imeneyi. Selo la chitetezo likamumeza, kathumba kamene alimo kayenera kulandira PI3P kuti kalumikizane ndi thumba la asidi logaya. Bakiteriyayo amatulutsa phosphatase yake, SapM, imene imafafaniza PI3P pa kathumbako. Kathumba kopanda chizindikiro sikapita kogayira, ndipo bakiteriya amakhala bwinobwino m'kati mwa selo limene limayenera kumupha.

PI4K, yopanga PI4P, ili ndi mitundu inayi mwa munthu. Vairasi ya poliyo imaba mtundu wa pa Golgi, ya hepatitis C imaba wina, kuti apange nembanemba zoswanirapo. Tizirombo ta malungo tili ndi PI4K yawoyawo. Mu 2013 ofufuza anaonetsa kuti ikaletsedwa, kachirombo kamene kali m'selo lofiira kamalephera kukuta ana ake ndi nembanemba pa nthawi yogawikana. Popeza enzaimuyi imafunika pamene kachirombo kali m'chiwindi, m'magazi, ndiponso pamene kakukonzekera kulowa mu udzudzu, mankhwala oiletsa angachize, kuteteza komanso kuchepetsa kufala kwa matenda.

MMV390048 anapangidwa motsogozedwa ndi H3D, malo ofufuza mankhwala a ku University of Cape Town amene anayambitsidwa ndi Kelly Chibale, katswiri wobadwira ku Zambia, mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture. Anasankhidwa mu 2012, anayesedwa pa anthu athanzi, kenako pa odwala malungo ku Ethiopia. Ntchitoyo inaima zitaoneka kuti pa makoswe a bere mankhwalawo ankapundula ana ali m'mimba. Kwa mankhwala a malungo chimenechi n'chopinga chachikulu, chifukwa amayi oyembekezera ndi amene malungo amawavutitsa kwambiri, ndipo ambiri amamwa mankhwala asanadziwe kuti aima. Gululo linafufuzanso mankhwala ena a mtundu womwewo, monga UCT943.

Abale ena awiri

DAG, chidutswa chija chotsala PIP2 akadulidwa, chimazimitsidwa ndi DGK, imene imachimata fosifeti n'kuchisandutsa phosphatidic acid. Munthu ali ndi mitundu 10 ya DGK. Apa kinase ndiyo yozimitsa uthenga umodzi kwinaku ikuyatsa wina. M'maselo a T, DGK alpha ndi zeta amachepetsa ukali wa selo, ndipo pali kafukufuku wofuna kuwaletsa kuti chitetezo chilimbane kwambiri ndi zotupa.

Sphingosine kinase, ya mitundu iwiri, imapanga S1P, amene amasiyana ndi onse tatchulawa chifukwa amatuluka m'selo. Wachuluka m'magazi, n'ngochepa m'anabele, ndipo maselo oyera amatuluka m'mwanabele potsata kumene S1P wachuluka. Fingolimod, amene anavomerezedwa mu 2010 pa matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, sagwira ntchito mpaka sphingosine kinase 2 ya wodwalayo itamumata fosifeti. Akatero amafanana ndi S1P, amamata pa cholandirira cha S1P1 mpaka selo litachimeza, ndipo maselo oyera amatsekeredwa m'anabele. Zolandirira zomwezo zili pa mtima, n'chifukwa chake wodwala akamwa koyamba amayang'aniridwa kwa maola 6 kuopa kuti mtima ungagunde pang'onopang'ono.

Kuyeza m'labotale ndi misampha yake

PIP3 n'ngochepa kwambiri ndipo sachedwa kutha, choncho ofufuza ambiri samuyeza mwachindunji. Amasiya maselo kwa maola angapo opanda seramu kuti uthenga uzizire, amathira insulini kapena chokulitsa china kwa mphindi 5 mpaka 15, amaswa maselowo pa ayezi m'madzi okhala ndi zoletsa ma phosphatase, kenako amayang'ana fosifeti wa pa serine 473 ndi threonine 308 poyerekeza ndi Akt yense. Ukachedwa kuziziritsa, ma phosphatase amafafaniza zonse usanayeze. Ukayang'ana serine 473 yekha, ukhoza kunena za PI3K pamene chimene chasintha ndi mTORC2.

Njira ina ndi kumata puloteni yowala pa kachigawo kozindikira mafuta: PH ya PLC delta 1 pa PIP2, PH ya Btk kapena GRP1 pa PIP3, FYVE ziwiri pa PI3P. Mwa njira imeneyi munthu amaona ndi maso PIP3 akuunjikana kutsogolo kwa selo loyera limene likuthamangira bakiteriya. Msampha wake n'ngwakuti kachigawoko kakachuluka kamabisa mafutawo kwa mapuloteni enieni, ndipo choyezera chimasokoneza chimene chikuyezedwa. PH ya Akt imagwiranso mafuta a mafosifeti pa 3 ndi 4, choncho siiwasiyanitsa ndi PIP3.

Zoletsa zakale nazo n'zofunika kusamala. Wortmannin, wochokera ku nkhungu, anadziwika mu 1993 kuti amaletsa PI3K. Amagwira pa mlingo wochepa kwambiri, mananomola ochepa, ndipo samasukanso, koma amawonongeka msanga m'madzi olerera maselo, moti pa kuyesa kwa maola ambiri mphamvu yake imatha. Amaletsanso Vps34, ndipo pa mlingo wokwera amagwira ma kinase ena, DNA-PK ndi mTOR. LY294002, wa mu 1994, amafuna mlingo wokulirapo, wa mamaikulomola, ndipo amagwiranso CK2 ndi mapuloteni a BET. Lipoti limene umboni wake wonse ndi mankhwala awiriwa liyenera kuwerengedwa mochenjera, pokhapokha ngati zotsatirazo zatsimikizidwanso ndi choletsa cha mtundu umodzi kapena pochotsa jini.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi lakuti kodi n'zotheka kuletsa alpha wa m'chotupa n'kusiya wa m'chiwindi. Makampani angapo akuyesa mankhwala amene samata pamalo a ATP koma pa kathumba kena ka enzaimu, ndipo amagwira kwambiri alpha wosintha monga H1047R. Zotsatira zoyambirira zikuonetsa kuti shuga sakwera kwambiri, koma ngati odwala adzakhala ndi moyo nthawi yaitali ndi nkhani imene kafukufuku wamkulu ayenera kuyankha. Chotupa nachonso chimapeza pothawira: mwa odwala ena olandira alpelisib, maselo anataya PTEN ndipo beta anatenga malo a alpha.

Lachiwiri ndi la chakudya. Zimene zinaoneka pa mbewa zoti kuchepetsa insulini kumathandiza mankhwalawa zikuyesedwabe pa anthu. Ena akuti n'zothandiza, ena akuda nkhawa kuti wodwala khansa amene akuonda kale sangapirire chakudya chopanda sitachi, ndipo mankhwala a SGLT2 ali ndi chiopsezo chawo cha asidi wochuluka m'magazi.

Pa delta, akatswiri akusiyana maganizo ngati vuto linali enzaimu imene anasankha kapena kaperekedwe. Alipo amene akuti kupereka mankhwalawo modumphitsa masiku kungapatse maselo a T oletsa mpata wochira. Alipo amene akuti popeza pali mankhwala ena a khansa zomwezo, monga oletsa kinase ina yotchedwa BTK, palibe chifukwa chobwereranso kumeneko.

Pa malungo pali mafunso awiri. Kodi kupundula kwa ana a makoswe kunachokera pa kuletsa PI4K ya nyamayo, kapena pa ma kinase ena amene MMV390048 anagwira mwangozi? Yankho lake ndi limene lidzanene ngati gulu lonse la mankhwalawa lili ndi tsogolo. Komanso mu 2015 gulu la Kasturi Haldar linanena kuti artemisinin, msana wa mankhwala a LA, imaletsa PI3K ya kachirombo, ndi kuti tizirombo timene puloteni yake ya Kelch13 inasintha timapirira mankhwalawo chifukwa tili ndi PI3P wochuluka. Ofufuza ena apeza kuti Kelch13 yosintha imachepetsa mmene kachirombo kamamezera himogulobini, moti artemisinin sadzutsidwa mokwanira. Ngati mafotokozedwe awiriwa ali mbali ziwiri za chinthu chimodzi kapena limodzi n'lolakwika, sizinagamulidwe, ndipo funsoli lakula tsopano pamene tizirombo ta Kelch13 yosintha tapezeka ku Rwanda, Uganda ndi Tanzania.

Ndipo gulu lachiwiri la PI3K, la mitundu itatu, likadali lodziwika pang'ono poyerekeza ndi enawo. Zikudziwika kuti limathandiza selo kumeza zinthu ndi kugawikana, koma chimene chimalidzutsa m'ziwalo zosiyanasiyana, ndiponso ngati kuliletsa kungachize matenda alionse, ofufuza angoyamba kumene kupeza mankhwala oyesera.